Khunyu ndi matenda a maganizo: zimakumana pati, zimasiyana pati?

M'zipatala zambiri za boma m'dziko muno, wodwala khunyu amakalandira mapiritsi ake kwa namwino yemweyo amene amaona odwala matenda a maganizo, nthawi zina pa benchi imodzi, tsiku limodzi. Ndiye mayi wa ku Ndirande kapena ku Bangwe akamva pa wailesi kuti "khunyu si misala", amadabwa kuti nanga mwana wake amamuikiranji pamzere umenewo. Akamvanso kwina kuti anthu ambiri a khunyu amavutika m'maganizo, amasowa choti agwire.

Zonse ziwirizi n'zoona. Khunyu si misala, ndipo anthu ambiri a khunyu ali ndi maganizo abwinobwino. Komanso kafukufuku wa m'mayiko osiyanasiyana amasonyeza kuti pafupifupi mmodzi mwa atatu alionse a khunyu amadwalako matenda a maganizo nthawi ina pa moyo wake. Vuto lachiwirili ndi limene limatsalira, chifukwa maso a banja lonse amakhala pa kugwa kokha.

Khunyu ndi chiyani

Timitsempha ta mu ubongo timatumizirana mauthenga pogwiritsa ntchito timphamvu ta magetsi. Munthu amagwa pamene gulu la timitsemphati latulutsa mphamvuzi nthawi imodzi mosalongosoka. Kugwa kamodzi si khunyu. Mwana wophupha chifukwa chotentha thupi, munthu amene shuga watsika kwambiri m'magazi mwake, kapena wakumwa kwambiri amene wasiya mowa mwadzidzidzi, onsewa akhoza kugwa koma alibe khunyu. Madokotala amati ndi khunyu munthu akagwa kawiri kapena kuposa, patadutsa maola oposa 24 pakati pake, popanda choyambitsa cha pompopompo ngati zimenezi.

Tiyerekeze ubongo ndi nyumba ya zipinda zambiri yoyalidwa mawaya a magetsi. Shoti ikakhudza nyumba yonse, ponse pamathima. Ndiko kugwa kumene aliyense amakudziwa: kuuma thupi, kuphupha, thovu kukamwa, kudziluma lilime. Koma shoti ikhoza kuchitika m'chipinda chimodzi chokha, ndipo zooneka zimadalira ntchito ya chipindacho. Kawirikawiri imachitika m'chigawo cha m'mbali mwa mutu, chapafupi ndi khutu, chomwe madokotala amachitcha temporal lobe. M'menemo ndi mmene muli tizigawo toyendetsa mantha, kukumbukira ndi mmene munthu akumvera mumtima. Wodwala wotereyu sagwa pansi. Amangoti duu, maso ali tong'o, kutafuna mkamwa mulibe kanthu, kugwiragwira malaya ake, kwa mphindi imodzi kapena ziwiri, kenako osakumbuka kanthu. Ameneyu ndi amene anthu amafulumira kumunena kuti wazungulira mutu.

Kale kwambiri, cha m'ma 400 BC, sing'anga wa ku Greece Hippocrates ankaphunzitsa kuti matendawa amachokera mu ubongo, osati kwa milungu, ndipo zolemba za nthawi yake zimanenanso kuti khunyu ndi chisoni chosatha zimakonda kuyendera limodzi. Umboni wooneka ndi maso unabwera mochedwa: Hans Berger wa ku Germany anajambula koyamba mafunde a magetsi a ubongo wa munthu mu 1924, chiyambi cha makina a EEG. Lero bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO likuti anthu pafupifupi 50 miliyoni ali ndi khunyu, pafupifupi 80 mwa 100 alionse ali m'mayiko osauka ndi apakatikati, ndipo mpaka 70 mwa 100 angasiye kugwa atalandira mankhwala oyenera.

Kuno kwathu zoyambitsa zodziwika ndi kubanika pobadwa, malungo a mu ubongo, matenda oumitsa khosi, kuvulala m'mutu pa ngozi monga za njinga zamoto za kabaza, sitiroko, matenda olowerera chifukwa cha HIV, ndi mphutsi za njoka za m'mimba za nkhumba zokafika ku ubongo. Kwa anthu pafupifupi theka, choyambitsa sichipezeka. Kafukufuku wochitikira pachipatala cha Queen Elizabeth mu Blantyre muno, wofalitsidwa mu 2010, anatsatira ana 132 opulumuka malungo a mu ubongo. Ana 12 anayamba khunyu, pomwe mwa ana 264 oyerekezera nawo panalibe ndi mmodzi yemwe. Pafupifupi mmodzi mwa atatu mwa opulumukawo anatsala ndi khunyu, kulumala kwina kapena kusintha kwa khalidwe. Apa zikuoneka poyera kuti bala limodzi mu ubongo likhoza kubala kugwa ndi kusintha khalidwe pamodzi.

Njira zitatu

Vuto la maganizo limamufika munthu wa khunyu kudzera mu ubongo womwewo, kudzera m'moyo umene matendawa amamupatsa, kapena kudzera m'mankhwala. Nthawi zambiri zitatuzi zimalukana.

Ya ubongo tayiona kale. Chowonjezera n'chakuti ubale wake umapita uku ndi uku: anthu amene anadwalapo matenda okhumudwa ali ndi mpata wokulirapo woyamba khunyu mtsogolo. Choncho si zoona kuti munthu amangokhumudwa chifukwa chakuti akugwa basi.

Ya moyo ndi imene aliyense angaione. Mtsikana wa Sitandade 6 wagwa m'kalasi, wadzikodzera, anzake amwazika, ndipo kuyambira tsiku limenelo palibe amene akufuna kukhala naye desiki imodzi. Ena amakhulupirira kuti thovu kapena mpweya wa munthu amene wagwa umapatsira, motero amamupatsa mbale ndi kapu yakeyake. Khunyu si matenda opatsirana mwa njira ina iliyonse, koma chikhulupirirochi chimachititsa kuti wogwera pa mbaula achedwe kuchotsedwapo, n'kutsala ndi zipsera zimene zimamuulula kulikonse. Onjezerani ntchito yotha, chibwenzi chotha, ndi kusaloledwa kuphika kapena kupita yekha ku Limbe. Chikondi cha makolo chomutchingira chilichonse nachonso chimatha kumusandutsa mkaidi m'nyumba.

Matenda okhumudwa

Kukhumudwa kwa masiku awiri chifukwa cha maliro kapena ngongole si matenda. Amakhala matenda pamene kwa masabata awiri kapena kuposa, pafupifupi tsiku lililonse, munthu ali wachisoni kapena sakusangalalanso ndi zimene ankazikonda, mpaka ntchito, sukulu kapena za pakhomo zikumukanika. Pamakhalanso kusowa tulo kapena kugonetsa, kusafuna kudya, kufooka, kudziona wachabechabe ndi maganizo a imfa. Ambiri sanena kuti akhumudwa. Amati "ndikuganiza kwambiri", "mtima ukundiwawa", "thupi lonse laphwanya".

Kafukufuku wophatikiza zotsatira za m'mayiko ambiri, wofalitsidwa mu 2013, anapeza vutoli mwa anthu 23 pa 100 alionse a khunyu. Limabisala mosavuta, chifukwa kufooka, tulo ndi kuiwalaiwala aliyense amazikankhira ku mapiritsi. Kwa ena silibwera ngati chisoni chokhazikika koma ngati kupsa mtima kobwera n'kupita.

Funso lothandiza koposa ndi la nthawi. Ena amasintha maola kapena masiku angapo asanagwe: amakwiya msanga, sakhazikika, ndipo apabanja amadziwiratu kuti kukubwera kugwa. Ena amamira m'chisoni atagwa, kwa tsiku limodzi kapena masiku angapo, kenako n'kubwerera mwakale. Mitundu iwiriyi imachepa kugwa kukachepa. Koma chisoni chimene chilipo ngakhale mwezi wonse wadutsa osagwa ndi matenda paokha, ofunika chithandizo chawochawo.

Kulinyalanyaza kumawononga zambiri. Wokhumudwa amadumphitsa mapiritsi, sagona, ena amathawira ku kachasu, ndipo zonsezi zimabweretsa kugwa. Kugwako kumawonjezera kukhumudwa. Mwa anthu amene khunyu silikumva mankhwala, ofufuza anapeza kuti chimene chimawononga moyo wa tsiku ndi tsiku kwambiri ndi kukhumudwa, kuposa kuchuluka kwa kugwa.

Chithandizo chilipo cha mitundu iwiri. Choyamba ndi uphungu wokambirana: kuthetsa mavuto limodzilimodzi, ndi kubwezeretsa pang'onopang'ono zochita zimene munthu anasiya, kaya ndi kwaya, kaya ndi kageni ka pamsika. Chachiwiri ndi mapiritsi. Kwa nthawi yaitali madokotala ankaopa kuti mankhwala a kukhumudwa amayambitsa kugwa, ndipo mantha amenewa anasiya anthu ambiri opanda thandizo. Masiku ano akatswiri amavomereza kuti gulu la fluoxetine ndi sertraline, pa mlingo woyenera, ndi limene liyenera kuyambidwa. Fluoxetine amayambira pa mlingo wochepa n'kufika pa 20 mg patsiku, amatenga masabata 4 mpaka 6 kuti phindu lake lioneke, ndipo amapitirizidwa miyezi 9 mpaka 12 munthu atapeza bwino. Ambiri amasiya pa sabata yachiwiri poganiza kuti sakugwira ntchito. Amitriptyline, mankhwala ena a kukhumudwa, amapezeka kwambiri, koma kwa munthu wa khunyu amapewedwa ngati njira ina ilipo, chifukwa angathandizire kugwa ndipo ndi woopsa akamwedwa mopyola muyeso.

Za kudzipha tizinene mosabisa. Kafukufuku wamkulu wa ku Denmark wa mu 2007 anapeza kuti chiopsezochi mwa anthu a khunyu ndi chachikulu pafupifupi katatu, makamaka m'miyezi yoyambirira munthu atauzidwa za matendawa komanso mwa amene ali kale ndi vuto la maganizo. Kumufunsa munthu kuti, "Achimwene, kodi maganizo ofuna kudzichotsera moyo amakubwererani?" sikumupatsa maganizowo, kumamutsegulira poyankhulira. Akavomera, musamusiye yekha. Mapiritsi asunge munthu wina n'kumamupatsa a tsiku limenelo okha, mankhwala ophera tizilombo ndi makoswe achoke m'nyumba, ndipo mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo.

Nkhawa ndi mantha

Nkhawa imakhala matenda pamene ikupitirira kukula kwa choopsacho ndipo ikumulepheretsa munthu kuchita zake. Imapezeka mwa anthu pafupifupi 20 pa 100 a khunyu. Yodziwika kwambiri ndi yoopa kugwa pagulu: munthu amasiya kukwera minibasi, kupita kutchalitchi kapena kumzikiti, ngakhale atatha chaka osagwa.

Pali mantha a mitundu iwiri amene amasokonezedwa. Oyamba ndi kugwa kwenikweni kwa m'chigawo cha temporal lobe: mantha ongobwera popanda chifukwa, a masekondi ochepa kapena osapitirira mphindi ziwiri, ofanana ndendende ulendo uliwonse, nthawi zambiri limodzi ndi kanthu kokwera kuchokera m'mimba kupita kukhosi, fungo lachilendo, kapena kutsatiridwa ndi kungoti duu. Achiwiri ndi mantha adzidzidzi a matenda a nkhawa: mtima kuthamanga, kubanika, thukuta, kuona ngati ukufa, zomwe zimakula kwa mphindi zingapo n'kutenga mphindi 10, 20 kapena kuposa, munthu akuzindikira zonse. Oyambawo amafuna kukonza mankhwala a khunyu, achiwiriwo uphungu kapena mankhwala a nkhawa. Diazepam womwa tsiku ndi tsiku si yankho: thupi limamuzolowera, ndipo kumusiya mwadzidzidzi kumagwetsa.

Kusokonezeka mutu

Apa tikunena za kumva mawu kapena kuona zinthu zimene ena sakuziona, ndi kukhulupirira mwamphamvu zinthu zosachitika, monga kuti apabanja akuthira poizoni m'chakudya. Zimachitikira anthu 5 kapena 6 pa 100 a khunyu. Ndi ochepa, komabe chiwerengerochi n'chachikulu kangapo kuposa cha anthu opanda khunyu.

Choyamba tisiyanitse ndi kubalalika kwa atangodzuka kumene. Munthu akatsitsimuka amakhala wosadziwa kumene ali kwa mphindi zingapo kapena maola ochepa, akhoza kuyendayenda kapena kuvula. Mukamugwira mwamphamvu amalimbana nanu, osati mwa nkhanza koma mwa mantha. Mulondoleni kutali ndi moto, msewu ndi madzi, muzimuyankhula mofatsa, zimatha zokha.

Mtundu umene umadzidzimutsa mabanja ndi wina. Munthu amene wakhala ndi khunyu zaka zambiri amagwa kangapo motsatizana, amadzuka, n'kuoneka bwinobwino tsiku limodzi, awiri kapena atatu. Kenako amasiya kugona, amayamba kuyankhula kwambiri, kukayikira anthu, kunena kuti watumidwa ndi Mulungu kapena kuti imfa yake yafika. Chifukwa cha masiku abwino a pakatiwo, palibe amene amalumikiza zimenezi ndi kugwa kuja, ndipo maganizo amathamangira ku ziwanda kapena kulodzedwa. Kusowa tulo ndiye chizindikiro choyamba. Mukachiona, pitani kuchipatala musanadikire zina. Kumeneko ayenera kuyeza malungo, shuga ndi kutentha thupi, chifukwa matenda a m'thupi nawonso amabalalitsa, komanso pali kugwa kopitirira kosaphupha komwe kumaoneka ngati kusokonezeka mutu. Zikatsimikizika, amapereka mankhwala ogonetsa ndi okhazika maganizo kwa nthawi yochepa, ndipo ambiri amachira m'masiku kapena masabata ochepa. Kumanga munthu ndi zingwe kumangowonjezera mabala ndi mantha. Katetezedwe ka kusokonezekaku ndi kuletsa kugwa kotsatizana, choncho mankhwala a khunyu sasiyidwa.

Pali ena amene kusokonezekaku sikutsatira kugwa ndipo kumakhalitsa. Amenewa amafuna chisamaliro chotalikirapo, ndipo zikavuta amatumizidwa ku Zomba Mental Hospital. Pali enanso ochepa amene amasokonezeka pamene kugwa kwasiya mwadzidzidzi chifukwa cha mankhwala atsopano. Dokotala wa ku Switzerland Heinrich Landolt anafotokoza zimenezi mu 1953, ataona EEG ikukhala bwino pomwe maganizo a wodwala akusokonezeka.

Posankha mankhwala okhazika maganizo, haloperidol ndi risperidone pa mlingo wochepa savuta kwenikweni pa khunyu. Chlorpromazine ndi clozapine ndi amene amawonjezera mpata wa kugwa, makamaka pa mlingo waukulu.

Mankhwala a khunyu ndi maganizo

Phenobarbital anayamba kugwiritsidwa ntchito pa khunyu mu 1912, phenytoin mu 1938, carbamazepine ndi sodium valproate m'zaka za m'ma 1960, ndipo levetiracetam anavomerezedwa ku America mu 1999. Aliyense ali ndi ubwino wake ndi kuipa kwake.

Phenobarbital ndi wotchipa, amamwedwa kamodzi usiku, ndipo wathandiza anthu osawerengeka. Koma kwa akulu ena amabweretsa tulo ndi kukhumudwa, ndipo kwa ana ena amachita zosiyana: mwana sakhala pansi, amamenya anzake, kusukulu samvetsera. Mwana wotereyu amakwapulidwa kuti ndi wamwano pomwe gwero lake ndi piritsi. Levetiracetam amadziwika ndi kupsetsa mtima. Carbamazepine ndi valproate, m'malo mwake, amakhazika maganizo, mpaka amagwiritsidwanso ntchito pa matenda a kusinthasintha kwa maganizo. Ndiye munthu akasinthidwa kuchoka pa amenewa, vuto limene linkabisika limatha kutulukira. Valproate ali ndi chenjezo lalikulu kwa atsikana ndi amayi oti angatenge pakati: pafupifupi ana 10 pa 100 obadwa kwa amayi omwa mankhwalawa amabadwa ndi chilema, ndipo ochulukirapo amachedwa kukula m'nzeru.

Mankhwala amalimbananso m'chiwindi. Carbamazepine, phenytoin ndi phenobarbital amafulumizitsa chiwindi kuphwanya mankhwala ena, motero amafoola amitriptyline, haloperidol, risperidone, mapiritsi olera, impulanti ya pamkono, komanso dolutegravir wa m'ma ARV. Fluoxetine amachita zosiyana: amakweza mlingo wa phenytoin ndi carbamazepine m'magazi, ndipo munthu amayamba kudzandira, chizungulire ndi kuona zinthu ziwiriziwiri. N'chifukwa chake buku la kuchipatala liyenera kukhala limodzi, ndipo aliyense wolemba mankhwala aone zonse zimene mukumwa, kuphatikizapo zitsamba.

Mukaganiza kuti piritsi ndi limene lasintha munthu, musamusiyitse nokha. Kusiya mwadzidzidzi, makamaka phenobarbital, kumabweretsa kugwa kosalekeza komwe kumapha. Kuphupha kulikonse kopitirira mphindi 5 n'kothamangira nako kuchipatala. Chothandiza ndi kope wamba. Lembani tsiku lililonse limene wagwa, tsiku limene mankhwala anayamba, anasinthidwa kapena anatha, usiku umene sanagone, masiku amene wamwa mowa kapena kusuta chamba, ndi tsiku limene khalidwe linayamba kusintha. Pamzere wautali namwino amakhala ndi mphindi zochepa, ndipo funso lake limakhala lakuti wagwa kangati. Inu onjezerani: "Amayi, kugwa kwachepa, koma chiyambireni mapiritsi atsopanowa sakudya ndipo akungolira." Chiganizo chimodzi chotere chimatha kusintha chithandizo chonse.

Kugwa kumene si khunyu

Pali kugwa kofanana ndi khunyu koma kopanda chisokonezo cha magetsi mu ubongo. Dokotala wa ku France Jean-Martin Charcot ankakufufuza ku Paris cha m'ma 1870 ndi 1880. Nthawi zambiri kumayenderana ndi nkhanza kapena zoopsa zimene munthu anakumana nazo, ngakhale si nthawi zonse. Wodwalayo sakunamizira. Kugwaku kumakonda kutenga nthawi yaitali, maso ali otseka, kugwedezeka kukuyamba n'kuleka. Zizindikirozi pazokha si chigamulo, ndipo ena ali ndi mitundu yonse iwiri. Vidiyo yojambula pa foni imamuthandiza kwambiri dokotala. Mankhwala a khunyu sathandiza kugwa kwa mtunduwu, chimene chimathandiza ndi kufotokozeredwa bwino ndi uphungu.

Mafunso amene adakali poyera

Akatswiri sanagwirizane kuti chimalumikiza khunyu ndi kukhumudwa mu ubongo n'chiyani kwenikweni, ndiponso ngati kuchiza kukhumudwa pakokha kumachepetsa kugwa.

Mu 2008 bungwe loona za mankhwala la ku America, FDA, linachenjeza kuti mankhwala 11 a khunyu amawonjezera maganizo odzipha. Ena amati chenjezolo n'loyenera. Ena amati linaphatikiza mankhwala osiyana kwambiri m'thumba limodzi, ndipo kuti chiopsezocho chimakhalapo munthu asanayambe n'komwe mankhwala. Mbali zonse zimavomereza kuti kusamwa mankhwala n'koopsa kuposa kumwa.

Nkhani ya benchi ija nayonso ili ndi mbali ziwiri. Ndondomeko ya WHO ya mhGAP, yomwe inayamba mu 2008, imaika khunyu pamodzi ndi matenda a maganizo kuti ogwira ntchito m'zipatala zazing'ono athe kuthandiza zonse, ndipo oikira kumbuyo njirayi amati namwino wa maganizo ndi amene angazindikire msanga kukhumudwa. Otsutsa amati imalimbikitsa kusalidwa, ndipo angakonde kuti khunyu azionera pamodzi ndi shuga ndi BP. Mu 2022 mayiko a mu WHO anavomereza dongosolo la zaka 10 lokhudza khunyu ndi matenda ena a ubongo, koma kasankhidwe ka khomo lolowera kali m'manja mwa dziko lililonse.

Mafunso opimira kukhumudwa monga PHQ-9 alipo m'Chichewa, koma amafunsa za kutopa, tulo ndi chilakolako cha chakudya, zomwe mapiritsi a khunyu amasokonezanso. Kodi pakufunika mafunso apadera a anthu a khunyu? Uphungu woperekedwa ndi anthu wamba ophunzitsidwa, monga wa Friendship Bench umene unayambira ku Zimbabwe, ungathandize bwanji munthu amene mankhwala akumuiwalitsa? Ndipo poti mabanja ambiri amayambira kwa asing'anga kapena kumapemphero, mgwirizano wotani ungatheke kuti munthu asunge chikhulupiriro chake popanda kusiya mapiritsi, ndipo ndani angauyambitse?